Kodi Mulungu analonjeza kutilemeretsa? Mafunso ndi mayankho pa uthenga wa chuma

Palibe mpingo umene sukhudza ndalama. Akatolika ali ndi mtulo, a CCAP ali ndi pleji ndi masika, a Adventist ndi a Pentekosite ambiri amasunga chakhumi. Zimenezi n'zakale ndipo sizidabwitsa munthu. Chimene chabwera m'zaka zino ndi chiphunzitso chakuti ndalama imene wapereka ku guwa idzakubwerera itaswana, ndipo kuti kulemera ndi chizindikiro chakuti munthu ali bwino ndi Mulungu. Chikumveka pa wayilesi, pa kanema, m'maholo a sukulu obwerekedwa Lamulungu, ngakhale m'maguwa a mipingo yakale. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsana akatuluka m'mapemphero.

Kodi uthenga wa chuma umaphunzitsa chiyani kwenikweni?

Umaphunzitsa kuti Mulungu amafuna Mkhristu aliyense akhale wolemera ndi wathanzi pansi pompano, ndipo kuti imfa ya Yesu inalipirira zinthu zitatu pamodzi: tchimo, matenda ndi umphawi. Choncho wokhulupirira akamasauka kapena kudwala, ndiye kuti pali chimene chatseka madalitso ake. Mwina chikhulupiriro n'chochepa, mwina anabisa chakhumi, mwina anadzinenera mawu oipa, mwinanso ndi temberero la makolo. Njira zotsegulira zimatchulidwa ziwiri. Ina ndi ya pakamwa: uzinena mokweza chimene ukufuna ngati kuti walandira kale, ndipo usavomere kuti ukudwala kapena kuti zakuvuta. Ina ndi ya m'thumba: ufese mbewu, kutanthauza kupereka ndalama kwa munthu wa Mulungu, kuti ukolole zochuluka.

Tisasakanize uthengawu ndi chipentekosite chonse. Mpingo wa Assemblies of God ku America unatulutsa chikalata chotsutsa chiphunzitso cha kunena n'kulandira kalekale mu 1980. Alipo a Pentekosite ambiri amene amapempherera odwala ndi mtima wonse koma sagulitsa pempherolo.

Unachokera kuti?

Ku United States. Mizu yake imafika kwa E. W. Kenyon, mlaliki amene anamwalira mu 1948, yemwe ankaphunzitsa kuti mawu a wokhulupirira ali ndi mphamvu yobweretsa zimene akunena. Maganizo a Kenyon anawafalitsa kwambiri ndi Kenneth Hagin, amene mu 1974 anatsegula sukulu ya Rhema pafupi ndi mzinda wa Tulsa ku Oklahoma. Mu mzinda womwewo munali Oral Roberts. Iyeyu ankanena kuti mu 1947 vesi la 3 Yohane 2 linamutsegula maso kuti Mulungu safuna iye asauke, ndipo ndi amene anatchukitsa chiphunzitso cha mbewu, n'kuchilembera buku mu 1970. Kenneth Copeland, amene ambiri amamuonera pa kanema, anayamba ngati woyendetsa ndege ya Roberts, kenako n'kutengera ziphunzitso za Hagin.

Nthawi imene zinayambira ndi yofunika kuiganizira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chuma cha America chinakwera kwa zaka zambiri. Mabanja amene makolo awo anali alimi osauka anayamba kugula nyumba, galimoto ndi firiji. Mlaliki akalonjeza kuti zinthu zikuyenderani, zinkawayenderadi ambiri, opereka ndi osapereka omwe. Lonjezo lomwelo likafika m'dziko limene ntchito zikusowa ndipo ndalama ikugwa mphamvu chaka ndi chaka, okolola amachepa, ndipo otsalawo amafuna wowafotokozera chifukwa chake.

Nanga mu Africa muno unalowa bwanji?

Unalowera kwa alaliki amene anakaphunzira ku America ndiponso pa misonkhano ikuluikulu. Benson Idahosa wa ku Benin City, Nigeria, anaphunzira ku Christ for the Nations mu mzinda wa Dallas, ndipo alaliki ambiri otchuka a ku West Africa anakulira m'manja mwake. Ray McCauley anaphunzira ku sukulu ya Hagin n'kukayambitsa mpingo wa Rhema ku South Africa mu 1979. Mu 1986 Reinhard Bonnke anasonkhanitsa abusa zikwizikwi a mu Africa ku Harare, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi pa msonkhanowo anali Kenneth Copeland. Pofika 1999 David Oyedepo wa Winners' Chapel anali atatsegula kachisi wa mipando 50,000 ku Ota, kufupi ndi Lagos.

Zaka zimenezo ndi zomwe maboma ambiri a mu Africa ankachepetsa antchito, kugulitsa makampani a boma ndi kuchotsa thandizo pa mitengo ya zinthu potsatira malangizo a IMF ndi World Bank. Kuno ku Malawi ufulu wa 1994 unatsegula khomo la mipingo yatsopano ndi mawayilesi ambiri, kenako madishi anabweretsa alaliki a ku Nigeria, South Africa ndi America m'nyumba zathu. Kafukufuku wa bungwe la Pew wa mu 2006 anapeza kuti ku Nigeria, Kenya ndi South Africa, a Pentekosite oposa 8 mwa 10 alionse ankavomereza kuti Mulungu amapereka chuma kwa onse amene ali ndi chikhulupiriro chokwanira.

Ngati uli wolakwika, bwanji anthu ambiri, ena ophunzira bwino, amautsatira?

Chifukwa umayankha funso loona. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi akufuna kudziwa ngati Mulungu amasamala za fiziyo. Mnyamata wa digiri amene watha zaka akuponya makalata ofunsira ntchito akufuna kumva kuti moyo wake sunathere pomwepo. Mipingo yakale nthawi zina inkawayankha kuti apirire, mpumulo uli kumwamba, kenako n'kupitiriza zolengeza. Mlaliki wa chuma amamuyang'ana m'maso munthuyo n'kumuuza kuti sanabadwire umphawi. Mawu amenewo amadzutsa munthu, ndipo ine sindiwanyoza.

Palinso china chimene Conrad Mbewe, m'busa wa Kabwata Baptist ku Lusaka, wakhala akunena: munthu wa Mulungu wakhala pa mpando umene kale pankakhala sing'anga. Ife tinakula tikumva kuti tsoka siligwa lokha, pali amene walituma, ndipo kuti chuma chimafuna kukhwima. Amene ankapita kwa sing'anga ndi nkhuku kuti amutsegulire mwayi, lero amapita kwa mneneri ndi envelopu. Mafuta odzozedwa, madzi ndi masitika alowa m'malo mwa zithumwa. Munthuyo sanafunikire kusintha kaganizidwe kake ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake uthengawu sunavutike kumera.

Komatu mavesi amene amawerenga alimodi m'Baibulo. Kodi akunama?

Mavesiwo alimo. Vuto limaoneka mukawerenga zimene zili pamwamba ndi pansi pake.

Tiyambe ndi Malaki 3:10, vesi limene limawerengedwa mbale isanayende. Mneneriyo ankalankhula kwa Ayuda amene anabwerera kuchoka ku ukapolo, kachisi ali wosasamalidwa. Chakhumi chawo chinali tirigu, mafuta, vinyo ndi ziweto, ndipo chinkadyetsa Alevi chifukwa iwo sanagawiridwe dziko ngati mafuko ena. Deuteronomo 14 amawonjeza zimene sizilalikidwa kawirikawiri: chakhumi china woperekayo ankadya yekha ndi banja lake pa chikondwerero, ndipo chaka chachitatu chilichonse chinkasungidwa m'mudzi kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Pa Malaki 3:5, mavesi asanu okha pamwamba, Mulungu akuopseza amene amabera antchito malipiro ndi kupondereza amasiye. Chaputala 1 ndi 2 cha buku lomwelo chikudzudzula ansembe. Amene akufuna kulalikira Malaki alalikire yense.

3 Yohane 2 ndi moni wa kumayambiriro kwa kalata. Yohane akufunira mnzake Gayo moyo wabwino ndi thanzi, monga mmene ife timayambira kalata pofunsa za moyo. Kufunira mnzako zabwino ndi chikondi, ndipo Yohane sananene kuti Mulungu walumbira kulemeretsa aliyense.

Marko 10:30 amalonjeza zobwezeredwa kuchulukitsa ka 100 kwa amene asiya nyumba ndi abale chifukwa cha Yesu. Gloria Copeland, mkazi wa Kenneth, anawerengera m'buku lake la 1978 kuti wopereka madola 10 ayembekeze madola 1,000. Koma vesi lomwelo limatchulanso mazunzo pa mndandanda wa zolandira. Yesu ananena mawuwo munthu wachuma atangochoka ali wachisoni chifukwa anauzidwa kugulitsa zake n'kupatsa osauka. Petro, amene anamva lonjezolo ndi makutu ake, ndi yemwe pa Machitidwe 3 anauza wopemphapempha pa chipata cha kachisi kuti alibe ndalama. Nyumba ndi abale ochuluka amene ophunzirawo analandira anali a mu mpingo, makomo amene ankawatsegukira kulikonse kumene apita.

Ndiye pali 2 Akorinto 8:9, pamene Paulo akunena za Khristu kusauka kuti ife tilemere. Chaputala chonsecho chikukamba za chopereka chothandizira Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Paulo akuyamikira a ku Makedoniya amene anapereka ali mu umphawi wadzaoneni, ndipo sakunena kuti pambuyo pake analemera. Cholinga chimene akutchula pa vesi 13 ndi 14 n'chakuti pakhale kufanana, amene ali nazo lero athandize amene alibe, mawa zikatembenuka nawonso athandizidwe.

Kodi kufesa mbewu mulibe m'Baibulo?

Mu fanizo la wofesa, Yesu anamasulira yekha kuti mbewu ndi mawu a Mulungu. Koma n'zoona kuti pa 2 Akorinto 9 Paulo akuyerekeza kupereka ndalama ndi kufesa, ndipo akuti wofesa mowolowa manja amakolola zambiri. Funso loyenera kufunsa pamenepo ndi lakuti ndalamazo zinkapita kwa ndani. Zinkapita kwa anjala a ku Yudeya. Paulo mwiniyo ankasoka mahema kuti asalemetse mpingo wa ku Korinto. Zokolola zimene analonjeza ndi kukhala ndi zokwanira kuti munthu apitirize kuthandiza ena.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, mmene ndikuonera. M'Baibulo ndalama zimatsika, kuchoka kwa amene ali nazo kupita kwa amene alibe. Mu uthenga wa chuma zimakwera, kuchoka kwa wogulitsa tomato kupita kwa amene ali kale ndi galimoto zingapo. Makolo athu ankati kupatsa n'kuika, ndipo ankadziwa kumene ankaika: kwa mnansi amene adzabwere ndi nkhuni ndi ufa tsiku la maliro. Chopatsidwacho chinkazungulira m'mudzi momwemo. Mbewu yofesedwa kwa mneneri imayenda njira imodzi.

Alaliki a uthengawu amakonda kutchula mkazi wamasiye wa ku Zarefati amene anaphikira Eliya ufa wake womaliza. Eliya pa nthawiyo anali wothawa, wanjala ngati mayiyo, ndipo anakhala m'nyumbamo kumadya zomwezo. Ufa ndi mafuta sizinathe mpaka mvula inabwera, koma mayiyo sanasanduke mpondamatiki. Amatchulanso wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri m'kachisi. Werengani Marko 12:40, vesi limene lili pamwamba penipeni pa nkhaniyo: Yesu akudzudzula alembi chifukwa chodya chuma cha akazi amasiye.

Ndipo pamene Baibulo likukamba mwachindunji za kulipira kuti ulandire mphamvu ya Mulungu, silinyengerera. Namani atachira khate, Elisa anakana mphatso zake, ndipo Gehazi, amene anathamangira mphatsozo mobisa, anatenga khatelo. Simoni wamatsenga atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamutemberera pamodzi ndi ndalama zakezo. Mkangano umene unagawa mpingo wa ku Ulaya mu 1517 unabukira pa nkhani yomweyi, pamene Martin Luther anatsutsa Johann Tetzel amene ankagulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo. Kulipiritsa munthu kuti aonane ndi mneneri payekha ndi malonda a mtundu womwewo.

Ndiye kuti chuma n'choipa, ndipo Mkhristu weniweni azikhala wosauka?

Ayi. Abrahamu anali ndi ziweto zambiri. Yosefe wa ku Arimateya, amene anapereka manda ake, anali wolemera. Lidiya anali mayi wa geni ya nsalu zodula, ndipo mpingo wa ku Filipi unkakumana kunyumba kwake. Luka 8 amatchula amayi monga Yoana ndi Suzana amene ankathandiza Yesu ndi chuma chawo. Buku la Miyambo limatamanda khama ndipo limanyoza ulesi. Umphawi m'Baibulo ndi chinthu choti chithetsedwe, n'chifukwa chake pali malamulo osiyira osauka khunkha m'munda ndi okhululukira ngongole.

Komabe machenjezo a Chipangano Chatsopano amalunjika kwambiri kwa olemera. Makolo a Yesu pokamupereka kukachisi anapereka mbalame ziwiri, nsembe imene Levitiko 12 analoleza amene sangakwanitse nkhosa. Paulo polemba za utumiki wake amatchula njala, ludzu ndi usiwa. Pa 1 Timoteo 6 akuchenjeza za anthu amene amayesa chipembedzo ngati njira yopezera phindu, kenako akuuza olemera kuti asadzikuze, asadalire chumacho, ndipo azigawana ndi ena. Sakuwauza kuti atuluke mu mpingo. Pemphero la Aguri pa Miyambo 30 ndi lomwe ndimaliona lanzeru: akupempha kuti asapatsidwe umphawi kapena chuma chochuluka, poopa kuti akakhuta angaiwale Mulungu, akasauka angabe.

Akhristu akale ankati chiyani pa nkhaniyi?

Sankagwirizana pa zonse. Antony wa ku Egypt, cha m'ma 270, atamva nkhani ya munthu wachuma uja ikuwerengedwa m'tchalitchi, anagawa minda yake n'kupita kuchipululu. Clement wa ku Alexandria, zaka makumi angapo Antony asanabadwe, anali atalemba kuti wolemera angapulumuke ngati chumacho sichinamugwire mtima ndipo akuchigwiritsa ntchito pothandiza ena. Basil wa ku Caesarea, pa njala ya cha m'ma 369, anadzudzula olemera amene anatseka nkhokwe zawo, ndipo anamanga malo osamalirako odwala ndi osauka. John Wesley, amene anayambitsa Methodist, ankaphunzitsa kupeza ndalama mwakhama ndi mwachilungamo, kusawononga, ndi kupereka zonse zimene ungathe, ndipo iye anamwalira mu 1791 atasiya zochepa kwambiri.

Kwathu kuno John Chilembwe, atakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, ankafuna anthu ake atukuke. Njira yake inali sukulu, ulimi, kusoka, ukhondo ndi kusiya mowa, ndipo anadana ndi thangata amene ankadyera anthu thukuta lawo. Onsewa ankasiyana pa kuchuluka kwa zimene Mkhristu angasunge. Palibe mmodzi mwa iwo amene anaphunzitsa kuti kupereka kwa mlaliki ndi njira yolemerera.

Nanga maumboni a anthu amene anafesa n'kupeza ntchito kapena galimoto, ndi abodza?

Ena ndi okonza, monga mmene atolankhani a KTN ku Kenya anaonetsera mu 2014 pa mpingo wa Victor Kanyari, amene ankauza omvera kuti atumize mashilingi 310 pa foni ngati mbewu. Koma ambiri ndi oona, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Bambo akasiya mowa ndi zibwenzi, malipiro ake amayamba kufika pakhomo. Mu mpingo waukulu munthu amadziwana ndi anthu amene angamuuze kumene kuli ntchito kapena kumugula katundu. Kulimbikitsidwa sabata ndi sabata kumachititsa munthu kuyesa geni imene ankaiopa. Ku Zimbabwe, mpingo wa ZAOGA wa malemu Ezekiel Guti unaphunzitsa amayi ambiri kuchita malonda ang'onoang'ono kudzera mu chiphunzitso cha matalente, ndipo luso limenelo linawatsalira m'manja. Mulungu amayankhanso mapemphero a ana ake ngakhale pamene chiphunzitso chili chokhota.

Chimene muyenera kukumbukira n'chakuti umboni umasankhidwa. Zili ngati juga ya mpira: amene wapata amajambulidwa, zikwi zimene zadyedwa sizionetsedwa. Pa anthu 500 amene anafesa mu Januwale, ena adzapezadi ntchito chaka chisanathe, monganso ena amene sanafese. Amene anagulitsa mbuzi osaona kanthu saitanidwa kutsogolo.

Choopsa kwambiri mu uthengawu n'chiyani?

Ndalama zimene zatayika zimapweteka, makamaka pamene munthu watenga katapila kapena ngongole ya banki mkhonde kuti akafese. Koma choopsa kuposa pamenepo ndi chimene chimachitikira munthu lonjezo likalephera. Mneneri salakwa, Mulungu salakwa, wotsala ndi iweyo. Mayi amene wataya mwana amabwerera kunyumba ndi chisoni chake, n'kusenzanso mlandu wakuti chikhulupiriro chake chinaperewera. Wodwala amaopa kunena kuti akumva ululu, ndipo ena amasiya mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV kuti aonetse kuti akhulupirira. Ena akauzidwa kuti wawatsekera mwayi ndi wachibale, amabwerera kumudzi kukaloza chala agogo awo.

Buku lonse la Yobu linalembedwa pokana maganizo amenewa. Anzake a Yobu ankaumirira kuti munthu savutika popanda chifukwa, ndipo kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo. Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iye anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake.

Uthengawu umatsekanso pakamwa pa mpingo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sopo ndi feteleza unakwerera wopereka chakhumi ndi wosapereka mofanana. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 sanasankhe nyumba ku Chilobwe kapena ku Phalombe. Umphawi wathu uli ndi zifukwa zimene zimatchulika: minda yochepa, mvula yosadalirika, mitengo yoipa ya mbewu, katangale, malipiro osakwana. Amosi ndi Yakobo anatchula zoterezi poyera. Maepiskopi a Katolika anachitanso chimodzimodzi m'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, pamene analankhula za kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi za malipiro a antchito, nthawi imene kulankhula choncho kunali kuika moyo pachiswe. Mpingo umene umati umphawi ndi mzimu woti utulutsidwe mwa munthu payekha sungalembe kalata ngati imeneyo, ndipo wakuba ndalama za boma amakhala momasuka pa mpando wakutsogolo chifukwa chuma chake chikuwerengedwa ngati dalitso.

Kodi ndiye kuti m'busa asamalandire kanthu?

Azilandira. Paulo pa 1 Akorinto 9 ndi 1 Timoteo 5 akunena momveka kuti wogwira ntchito ya uthenga ayenera kudya za ntchitoyo. Abusa ambiri a kumidzi amayenda pa njinga mtunda wautali, amatha miyezi osalandira, ana awo akuvutikira fizi, ndipo chimenecho ndi chamanyazi kwa ife akhristu awo. Kusamala m'busa n'kosiyana ndi zimene anachita Creflo Dollar wa ku Atlanta mu 2015, pamene utumiki wake unapempha anthu 200,000 kuti aliyense apereke madola 300 kapena kuposerapo ogulira ndege ya madola 65 miliyoni. N'kosiyananso ndi za Oral Roberts mu 1987, pamene anauza omvera kuti Mulungu amutenga ngati sapeza madola 8 miliyoni.

Alipo alaliki a uthengawu amene anabwerera m'mbuyo?

Alipo, ndipo ndi akuluakulu omwe. Jim Bakker, amene anamangidwa mu 1989 pa milandu ya chinyengo, anawerenga mauthenga abwino mofatsa ali m'ndende, ndipo mu 1996 anatulutsa buku lovomera kuti ankaphunzitsa zolakwika. Kenneth Hagin mwiniyo, zaka zitatu asanamwalire mu 2003, analemba buku lodzudzula otsatira ake pa kukonda ndalama ndi kulonjeza zobwezeredwa ka 100. Mu 2019 Benny Hinn ananena poyera kuti kuika mtengo pa madalitso kumamvetsa chisoni Mzimu Woyera. Mu 2022 Creflo Dollar anauza mpingo wake kuti zimene ankaphunzitsa pa chakhumi sizinali zolondola, ndipo anati anthu ataye mabuku ndi matepi ake a nkhaniyo.

Mawu otere ndi olandirika. Koma kulapa pa nkhani ya ndalama kuli ndi muyeso wake mu Luka 19, pamene Zakeyu analonjeza kugawa theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Chomvetsa chisoni china n'chakuti mabuku akale aja akugulitsidwabe m'misika yathu, ndipo alaliki achinyamata akuphunziramo zimene eni ake anazikana.

Kodi boma lilowererepo?

Maiko ayesa njira zosiyana. Ku America, Senator Chuck Grassley anafufuza mautumiki asanu ndi umodzi kuyambira 2007, ndipo kafukufukuyo anatha mu 2011 popanda chilango. Ku South Africa, pambuyo pa abusa amene anadyetsa anthu udzu ndi kuwapopera mankhwala a tizilombo a Doom, bungwe loona za ufulu wa zipembedzo la CRL linatulutsa lipoti mu 2017 lofuna kuti atsogoleri a zipembedzo azilembetsedwa, ndipo mipingo yambiri inakana. Rwanda mu 2018 inatseka matchalitchi mazanamazana n'kulamula kuti abusa akhale ndi maphunziro a zaumulungu.

Ine ndikuona kuti chinyengo ndi chinyengo, kaya wachita ndi wamalonda kaya ndi mneneri, ndipo malamulo ake alipo kale. Nkhani ngati ya Shepherd Bushiri, amene anabwerera ku Malawi mu Novembala 2020 ali pa belo ku South Africa pa milandu yokhudza ndalama imene iye amaikana, ndi ya makhoti, ndipo iweruzidwe ndi umboni. Koma kupatsa boma mphamvu yosankha chiphunzitso choona n'koopsa. Dziko lino linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, anthu anazunzidwa ndi kuthawira ku Mozambique ndi Zambia, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Chiphunzitso chokhota chiwongoledwe ndi Akhristu anzawo, m'maguwa, m'sukulu za ubusa ndi m'miphakati.

Nanga ineyo ndizipereka bwanji?

Perekani mokondwa, molingana ndi zimene muli nazo, mutaganiza nokha kunyumba. Paulo anakana kuti munthu apereke mokakamizidwa, choncho mlaliki akayamba kuwerenga kuti akufuna anthu khumi a K100,000 aimirire msangamsanga dalitso lisanadutse, muli ndi ufulu wokhala pansi. Musakongole kuti mupereke. Musatenge ya fizi, ya lendi kapena ya mankhwala a amayi anu. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo achipereka kwa Mulungu pofuna kuthawa kusamala makolo, ndipo 1 Timoteo 5:8 ali ndi mawu owawa kwa wosasamala a pabanja pake. Chakhumi mukhoza kuchisunga ngati mwambo wabwino wodziphunzitsira kupatsa, ndipo Akhristu okhulupirika amasiyana maganizo ngati chili lamulo kwa ife lero.

Funsaninso kumene ndalama zikupita. Ndani amawerenga chopereka, ndipo amakhala angati? Akaunti ili m'dzina la mpingo kapena nambala ya Airtel Money ndi Mpamba ndi ya munthu mmodzi? Lipoti la chuma limawerengedwa pamaso pa onse? Pa ndalama zonsezo, ndi zingati zimene zafika kwa amasiye ndi odwala a mu mpingo momwemo? Mudzauzidwa kuti musakhudze wodzozedwa wa Mulungu. Paulo anali mtumwi, koma potumiza chopereka cha ku Yerusalemu sanafune kuchinyamula yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akufotokoza kuti mipingo inasankha munthu wake woti ayende nawo pamodzi ndi ndalamazo, kuti pasapezeke womunena pa kayendetsedwe kake.